Keke yopanda mazira ndi mkaka si mankhwala

M'kope lino ndafuna kuti tikambirane nkhani imene ena anganene kuti ndi yaing'ono, nkhani ya keke, imene ambiri kuno timaitcha bolo. Inenso ndinkaiona ngati yaing'ono mpaka tsiku limene ndinadula keke ndi dzanja langa, kuipereka kwa azakhali anga, m'mawa mwake n'kuwanyamula panjinga yamoto kupita nawo kuchipatala.

Zinachitika motere. Kwathu kunali ubatizo wa mwana wa achemwali anga, ndipo achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kudzaona mwambowo. Podutsa ku Nyungwe analowa m'sitolo ina yaikulu n'kugula makeke awiri a m'mabokosi okongola. Pabokosi limodzi panali chithunzi cha tsamba lobiriwira ndi mawu akuti vegano. Titadya nsima, achimwene ananyamula bokosilo n'kukagwada pamaso pa azakhali, amene akhala akumwa mankhwala a matenda a shuga kwa zaka zinayi tsopano.

"Azakhali, iyi ndiye yanu," anatero achimwene. "Mulibe mazira, mulibe mkaka, mulibe batala. Imeneyi ndi ya anthu osamala thanzi lawo. Idyani osaopa."

Azakhali anaseka n'kunena kuti, "Mwanawe, ndatha zaka ndikungoonerera anzanga akudya. Lero Mulungu wandikumbuka."

Ine ndinadula zidutswa ziwiri zikuluzikulu, wina anawatsekulira botolo la chakumwa chozizira, ndipo tonse tinakondwa poona azakhali akudya nafe. Usiku umenewo sanagone. Ludzu linawagwira, anatuluka kukataya madzi kambirimbiri, ndipo kutacha ankangoti thupi lonse lalefuka, maso akuchita chidima. Kuchipatala anawayeza magazi n'kupeza kuti shuga wakwera kwambiri. Anamwino atamva za keke ija anafunsa ngati bokosi lake lilipo. Mwamwayi mwana wina anali atalisunga kuti apangire galimoto. Anamwino analitembenuza, n'kuloza ndi chala pamndandanda wa zimene anapangira kekeyo. Mawu oyamba anali ufa wa tirigu. Achiwiri anali açúcar, ndiye kuti shuga.

Azakhali anachira, tikuthokoza Mulungu. Achimwene sanachite dala, ankafuna kuwasangalatsa. Olemba bokosi nawonso sananame, chifukwa mazira ndi mkaka munalibedi. Amene tinalakwa ndife, amene tinamva mawu achilendo n'kuwamasulira m'mene mitima yathu inafunira. Ndalemba izi kuti banja lina lisapunthwe pamwala womwewu.

Kodi vegano n'chiyani?

Mawu amenewa, amene pa Chingerezi amawalemba kuti vegan, anayamba ku England m'chaka cha 1944. Bambo wina dzina lake Donald Watson pamodzi ndi anzake anayambitsa gulu la anthu okana kudya chilichonse chochokera ku nyama. Anthu otere sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka, batala ngakhale uchi. Chifukwa chawo chachikulu chinali chifundo pa nyama, kuti zisamazunzidwe kapena kuphedwa chifukwa cha mimba ya munthu. Ena masiku ano amatsata njirayi pofuna kusamala chilengedwe, ena pa zifukwa za chipembedzo, enanso pa zifukwa za thanzi.

Choncho bokosi likalembedwa kuti vegano, likukuuzani chinthu chimodzi chokha: m'katimu mulibe chochokera ku nyama. Silikunena kuti mulibe shuga. Silikunena kuti mulibe mafuta. Silikunena kuti wodwala angadye m'mene angafunire. Nzimbe si nyama, abale anga. Shuga yense wa m'dziko muno angalowe m'keke yotere popanda wolemba bokosi kunama ngakhale pang'ono.

Chimene achotsamo ndi chimene chatsalamo

Keke wamba amaipanga ndi ufa wa tirigu, shuga, mazira, mkaka ndi batala kapena majarini. Ntchito ya mazira ndi kugwirizanitsa ufa ndi kuthandiza kuti keke ifufume. Batala amaifewetsa. Opanga keke ya vegano akachotsa zimenezi amafuna zina zogwira ntchito yomweyo. M'malo mwa batala amathira mafuta ochokera ku zomera, monga a mpendadzuwa, a soya kapena a kanjedza. M'malo mwa mkaka wa ng'ombe amathira madzi kapena mkaka wa soya. M'malo mwa mazira amathira soda ndi viniga, kapena nthochi, kapena ufa wina wonanda wokhala ngati wa chinangwa. Koma shuga amangokhala pamalo pake, ufa woyera uja nawonso pamalo pake.

Tsono taganizani. Pa zonse zimene zimalowa m'keke wamba, zimene zimamanga thupi ndi mazira ndi mkaka. Zimenezo n'zimene zachotsedwa. Zimene wodwala shuga amauzidwa kuti achepetse ndi shuga ndi ufa woyera. Zimenezo n'zimene zatsala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba lobiriwira la pabokosi lija ndi khungu la mkuyu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo m'chaka cha 2015 akuti munthu wamkulu asamapyole magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo kuti ndi bwino koposa kutsikira pa magalamu 25, masupuni 6. Muyeso umenewu ukuphatikiza shuga yense wa tsikulo: wa mu tiyi, wa m'phala, wa mu thobwa ngati mwathiramo, wa m'mabisiketi ndi wa m'zakumwa. Bungwe lomweli likuti chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera chikhoza kukhala ndi masupuni ofika 10.

Masamu ake ndi osavuta. Supuni imodzi ya tiyi imanyamula magalamu pafupifupi 4 a shuga. Pabokosi la keke amalemba kuchuluka kwa shuga pa magalamu 100 aliwonse. Tiyerekeze kuti alemba 30. Gawani 30 ndi 4, mupeza masupuni 7 ndi theka m'chidutswa cholemera magalamu 100. Wodya zidutswa ziwiri zotere n'kumwera botolo la chakumwa wadya shuga wa masiku awiri pa mphindi khumi. Kodi alipo pakati pathu amene angathire masupuni 25 m'kapu ya azakhali ake odwala n'kuwauza kuti imwani osaopa? Ine ndinachita zofanana ndi zimenezo, kungoti shugayo anali atabisala mu ufa.

Agogo athu anayamba kale

Chimene chinandiseketsa pambuyo pake ndi ichi. Nditawafotokozera agogo tanthauzo la vegano, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti chigumu changa chija n'chachizungu?"

Agogo sanalakwitse. Chigumu cha kumudzi, chimene ena amati chikondamoyo, amachipanga ndi ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa zosinja, soda pang'ono, kamchere ndi madzi. Amachithira mumphika wopaka mafuta, makala pansi, makala ena pachivundikiro. Nthochi zikakhala zakupsa bwino shuga safunika n'komwe. Mkate wa nthochi wokulunga m'masamba ndi chimodzimodzi. Zitumbuwa nazo zilibe dzira kapena mkaka, ngakhale zimamwa mafuta ambiri pokazinga. Futali wa mbatata wotendera nsinjiro, maungu owiritsa, chimanga chootcha, mtedza wokazinga, zonsezi mulibe chochokera ku nyama. Chimene anthu a m'mizinda ikuluikulu akugula pa mtengo wokwera, ife takhala tikudya chibadwire, kungoti sitinachiike m'bokosi.

Ndikayerekeza ziwirizi, ine ndiima ndi chigumu. Mgaiwa uli ndi gaga amene amathandiza m'mimba ndiponso amachititsa kuti munthu akhute msanga. Nthochi timazidziwa kumene zachokera. Wophika timamudziwa, tsiku limene waphika timalidziwa. Ndipo kuno ku Angónia, kumene timalima soya wochuluka, tikhoza kusakaniza ufa wa soya wokazinga kapena nsinjiro ndi mgaiwa uja, chigumu n'kukhala chomanga thupi kuposa keke iliyonse ya m'sitolo. Ndalama imene tikanapereka ku sitolo ya mumzinda imatsala m'manja mwa mayi wogulitsa nthochi pamsika wathu womwe uno.

Komabe ndisanamize anthu. Chigumu nacho ndi chakudya chokhutitsa, ndipo m'thupi chimasanduka shuga monga imachitira nsima, mbatata ndi kachewere. Wodwala shuga sayenera kuchidya mopanda muyeso. Kusiyana kwake n'kwakuti pophika tokha tili ndi mphamvu yochepetsa kapena kusiyiratu shuga wothira, pamene keke ya m'sitolo imabwera ataithira kale.

Alipo amene ingawathandize

Wina anganene kuti mlembiyu akudana ndi zinthu zatsopano. Ayi ndithu. Keke yopanda mazira ndi mkaka ili ndi eni ake. Alipo anthu amene akadya dzira thupi limachita zidzolo, milomo kutupa, ena mpaka kubanika. Alipo ambiri pakati pathu amene akamwa mkaka wa ng'ombe m'mimba mumadzaza mpweya kapena kutsekula kumene. Alipo abale athu a mipingo ndi zikhulupiriro zina amene anasankha kusadya zochokera ku nyama. Anthu onsewa kale ankangoonerera anzawo paukwati. Kukhala ndi keke imene angadye nawo ndi chinthu chabwino, ndipo mwini phwando amene wawaganizira wachita zaulemu.

Chenjezo kwa amene thupi lawo limadana kwambiri ndi mazira, mkaka kapena mtedza ndi lakuti awerenge mpaka pansi pa bokosi. Kawirikawiri pamakhala timawu ting'onoting'ono takuti pode conter, kutanthauza kuti mwina mungapezeke tizidutswa ta zinthuzo chifukwa fakitale yomweyo imapangiranso makeke ena. Makeke ambiri a mtundu umenewu amakhalanso ndi soya kapena mtedza. Kwa munthu amene amatupa akadya mtedza, keke ya vegano ingakhale yoopsa kuposa keke wamba.

Tisalande ana dzira

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Chibwerereni makeke amenewa ndamvapo amayi ena pachitsime akunena kuti, "Mwaona, ngakhale azungu asiya mazira, ndiye kuti ndi oipadi." Mawu amenewa akugwera panthaka yolimidwa kale, chifukwa m'midzi mwathu mudakali chikhulupiriro chakuti mayi woyembekezera akadya mazira adzabala mwana wopanda tsitsi, kapena kuti mwana wodya mazira amagwa khunyu. Zimenezi si zoona, ndipo anamwino akhala akutiuza ku sikelo kwa zaka zambiri.

Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a chakudya chomanga thupi, ndiponso lili ndi vitamini B12 amene amathandiza magazi ndi ubongo. Vitamini ameneyu sapezeka mu chimanga, nyemba kapena ndiwo zamasamba. Anthu a vegano a kumaiko olemera amachita kugula mapiritsi ake kapena zakudya zimene anathiramo vitaminiyu ku fakitale. Mwana wa kuno ku Domwe alibe mapiritsi amenewo. Ali ndi nkhuku ya amayi ake, usipa ndi matemba a pamsika, ndi mkaka wa ng'ombe za agogo ake. Malangizo a WHO a chaka cha 2023 okhudza kadyetsedwe ka ana a miyezi 6 mpaka 23 akuti ana otere azipatsidwa nyama, nsomba kapena dzira tsiku lililonse pamodzi ndi bere, ndipo asamapatsidwe zakudya ndi zakumwa zodzaza shuga.

Choncho bambo amene wagulitsa mazira a pakhomo kuti agulire mwana wake keke ya m'paketi, kaya ya vegano kaya wamba, wasinthanitsa mbuzi ndi chingwe chake. Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Wosakwana zaka ziwiri keke sakuifuna. Akazolowera kutsekemera adakali wamng'ono amayamba kukana phala ndi ndiwo, ndipo mano ake oyamba amabooka asanaguluke.

Safunsa anadya phula

Ife a m'malire tili ndi vuto lapadera. Katundu wathu amachokera mbali zonse: wina ku Nyungwe ndi ku Beira, wina ku Lilongwe ndi ku Blantyre kudzera pa Dedza ndi pa Lizulu, wina ku South Africa m'zikwama za abale obwera kutchuthi. Mabokosi ena ndi a Chipwitikizi, ena a Chingerezi, ndipo palibe lolembedwa m'Chichewa. Tiyeni tiphunzire mawu ochepa okha, kapena tiitane mwana wa sukulu atiwerengere tisanapereke ndalama.

Choyamba yang'anani tsiku. Pa Chipwitikizi amalemba validade, kapena mwachidule VAL, kapena consumir de preferência antes de. Pa Chingerezi amalemba best before, BB kapena EXP. Musasokoneze ndi tsiku limene anapanga, limene amalilemba kuti FAB kapena PROD. Ngati tsiku lafufutika, lakandidwa, kapena pamatidwa kapepala kena pamwamba pake, isiyeni.

Chachiwiri werengani pamene alemba kuti ingredientes kapena ingredients. Lamulo la kalembedwe n'lakuti chimene chachuluka chimayamba, chochepa chimatsirizira. Mukaona açúcar kapena sugar pamalo oyamba kapena achiwiri, dziwani kuti mwagula shuga wovala ufa. Mawu akuti xarope, syrup ndi glucose ndi shuga yemweyo m'maina ena.

Chachitatu funani mawu akuti parcialmente hidrogenada kapena partially hydrogenated. Amenewa ndi mafuta a zomera amene anawaumitsa ku fakitale kuti katundu akhalitse pashelefu. Amawononga mitsempha ya magazi ndi mtima, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la WHO linapempha maiko onse kuti awachotse m'zakudya. Popeza ndi ochokera ku zomera, akhoza kupezeka m'keke ya vegano.

Chachinayi onani paketi yeniyeniyo. Ngati yabooka, yafufuma ndi mpweya, kapena m'kati muli timadontho ta madzi, musagule. Keke imene yakhala padzuwa pabenchi la pamsika sabata yathunthu, kapena yayenda pamwamba pa basi masiku atatu, ikhoza kuwonongeka tsiku lake lisanakwane.

Vuto lina ndi la makeke amene amachotsedwa m'bokosi n'kumagulitsidwa zidutswazidutswa m'beseni. Pamenepo palibe tsiku, palibe mndandanda, palibe chilichonse. Muli ndi ufulu wopempha wogulitsa kuti akuonetseni bokosi. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi funso lotere.

Kagawidwe kake

Tsopano tinene kuti mwagula, tsiku lake lili bwino, ndipo alendo afika. Mugawe bwanji? Nazi zimene taphunzira kwathu chichitikireni za azakhali.

Wodula keke asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othirira, osati a m'beseni limene asambamo anthu khumi. Mpeni ukhale wotsuka, usakhale umene mwadulira nkhuku yaiwisi. Zidutswa ziperekedwe pambale kapena ndi foloko, zisamayende kuchoka m'dzanja kupita m'dzanja. Sitinaiwale kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo chigawo chathu cha Tete sichinapulumuke. Matenda otere amakonda pamene pasonkhana anthu ambiri kudyera pamodzi.

Keke ibwere anthu atadya kale nsima ndi ndiwo. Ikabwera poyamba ana amadzaza mimba ndi shuga, nyemba ndi masamba n'kutsala m'mbale. Munthu wokhuta sapempha chidutswa chachiwiri.

Dulani tizidutswa ting'onoting'ono. Kwa munthu wamkulu wopanda matenda, kachidutswa kofanana ndi mabokosi awiri a machesi n'kokwanira. Kwa mwana, bokosi limodzi. Paukwati timadziwa kale kuti keke imodzi imakwanira mudzi wonse akamaigulitsa pa perekaniperekani, ndipo palibe amene amadandaula kuti kachidutswa kachepa. Tichite chimodzimodzi kunyumba.

Pambali pa keke ikani zipatso za nyengo yake. Kuno kwathu sitisowa mapichesi, masuku, mango, magwafa, mapeyala ndi nthochi. Mbale ikakhala ndi kachidutswa ka keke ndi zipatso zoduladula imaoneka yodzaza, mlendo saona ngati mwamumana. Mtedza wokazinga nawo umayenda bwino ndi keke, kwa amene sadana nawo.

Chomwera chikhale tiyi wopanda shuga kapena madzi owiritsa. Keke ndi yotsekemera kale. Kuiphatikiza ndi chakumwa cha m'botolo ndi kusenzetsa thupi mitolo iwiri nthawi imodzi.

Nenani zoona pogawa. Musanene kuti iyi ndi keke ya thanzi. Nenani kuti, "Iyi ilibe mazira ndi mkaka, koma shuga alimo." Mawu asanu ndi atatu amenewa akanapulumutsa azakhali anga ku ulendo wa kuchipatala.

Musakakamize. Mwambo wathu umati mlendo akakana chakudya timuumirize, ndipo wamkulu amachita manyazi kukana chimene mwana wamugwadira nacho. Koma agogo kapena amalume akanena kuti anamwino anawaletsa, ulemu weniweni ndi kuwabweretsera china. Konzeranitu mbale yawo ya zipatso kapena mtedza kuti asakhale manja lende anzawo akudya. Wodwala shuga amene akufuna kulawa afunse kaye kuchipatala kumene amalandira mankhwala kuti amuuze muyeso wake, chifukwa matupi ndi mankhwala zimasiyana.

Vundikirani keke kuopa ntchentche ndi fumbi. Keke yopaka zonona pamwamba, ngakhale zikhale zochokera ku zomera, isakhale panja kupitirira maola awiri, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Ambiri tilibe firiji, choncho gulani imene ithe tsiku lomwelo. Kuzizira kwa m'Juni ndi Julaye kuno kumapiri kumathandiza pang'ono, koma si firiji ayi.

Mukaona nkhungu, tayani yonse. Ena amadula pamene pachita nkhungupo n'kupatsa ana kotsalako. Pa chakudya chofewa ngati keke, mizu ya nkhungu imalowa m'kati kumene maso saona. Ndalama yatayika kale, musaonjezepo ya kuchipatala.

Zophika tokha nazo zimafuna maso

Popeza ndayamikira chigumu, ndiyenera kunenanso mbali yake ina, kuopa kuti wina angaganize kuti chilichonse chophikidwa pakhomo n'chabwino. M'mwezi wa Januwale chaka cha 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo chathu chomwe chino, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro. Poyamba mphekesera inali yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinaswana mu ufa wa chimanga umene unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuwonongeka. Poizoni wa mtundu umenewo saphedwa ndi moto.

Phunziro lake n'lakuti ufa wonyowa, wonunkha kapena wosintha mtundu usalowe mumphika, kaya ndi wa chigumu, wa thobwa kapena wa nsima. Chimodzimodzi mtedza ndi chimanga za chuku: zisankheni n'kutaya, musazisinje kuti zibisale mu nsinjiro. Chigumu chabwino chimayambira m'nkhokwe youma.

Pempho langa

Kwa eni masitolo ndi mabenchi, ndinu abale athu ndipo tikufuna malonda anu ayende. Chonde musamauze ogula kuti keke iyi ndi ya odwala shuga kapena a kuthamanga kwa magazi pamene bokosi silikutero. Chotsani pashelefu katundu amene tsiku lake lapita. Wogula amene mwamuuza zoona lero adzabweranso mawa.

Kwa abale athu ogwira ntchito kutali, tikudziwa kuti mumafuna kufika kwanu ndi chinthu chooneka. Zikomo chifukwa chotikumbukira. Koma ngati kunyumba kuli wodwala kapena ana aang'ono, funsani kaye chimene chingawathandize. Thumba la nyemba, mafuta ophikira, sopo kapena nkhuku ziwiri zoikira mazira zidzakumbukiridwa keke itaiwalika kale.

Kwa amakomiti a maukwati, maubatizo ndi zinkhoswe, musachite manyazi kuika chigumu patebulo lapamwamba. Ndamvapo ena akuti alendo a kutauni adzatiseka. Pa chinkhoswe cha msuweni wanga tinaika keke imodzi ya m'sitolo pakati kuti ikhale yojambulira zithunzi, m'mbali mwake zigumu zinayi zophika amayi a m'mudzi. Alendo ochokera ku Lilongwe ndi amene anapempha kuti tiwakulungire chotsala.

Ndipo kwa aliyense amene akumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda popanda chifukwa, kutopa, kusaona bwino, kapena ali ndi chilonda chosapola, pitani kuchipatala mukayezetse shuga. Musadikire tsiku la 14 Novembala, limene dziko lonse limakumbukira matendawa. Kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala.

Azakhali anga ali bwino tsopano, ndipo akupitiriza kumwa mankhwala awo. Pa Khirisimasi tinawaphikira chigumu cha nthochi chopanda shuga wothira, anadya kachidutswa kamodzi ndi tiyi wosathira kanthu. Achimwene ataimba foni kuchokera ku Johannesburg kufunsa chimene adzawatengere ulendo wotsatira, azakhali anayankha kuti, "Mwanawe, udzanditengere magalasi owerengera, kuti mabokosi ako ndiziwerenga ndekha."

Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, ovomereza kapena otsutsa, lembani kalata n'kuisiya ku wailesi, kapena mupatsire mtsogoleri wa gulu la omvera la m'mudzi mwanu. Tidzawerenga makalata anu pa pulogalamu ya zaumoyo. Mukatha kuwerenga kope lino, mupatseni mnzanu, ndipo muwawerengere agogo amene maso awo anatopa.